Apatseni agogo athu chogwira: kalata kwa oyendetsa nyumba zosamalira okalamba

Kwa inu akuluakulu oyendetsa nyumba zosamalira okalamba m'dziko muno, makomiti a mipingo ndi mabungwe amene mumazithandiza, komanso inu a boma amene mumaziyendera,

Ndapota nanu, mundilole ndilankhulepo. Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale. Kawiri pamwezi, tsiku Loweruka, ndimakwera minibasi kenako kabaza kukaona azakhali anga, mlongo wawo wa malemu bambo anga, amene akukhala m'nyumba ina yosamalira okalamba m'chigawo chapakati. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa cholinga changa si kuchititsa munthu manyazi. Anthu a kumeneko anawalandira azakhali pa nthawi imene ife abale awo tinali titasowa mtengo wogwira, ndipo mpaka lero ndimawathokoza.

Azakhali sanapite kumeneko mwakufuna kwawo. Anayamba ndi kuiwalaiwala, kenako kumadzuka usiku n'kumayendayenda. Tsiku lina m'bandakucha anapezeka ataima pakhomo pa eni ake, nsalu ili m'manja, akuitana dzina la mwana wawo amene anamwalira kalekale. Patangopita milungu iwiri, mwana wa pakhomo lomwelo anadwala malungo n'kutisiya. Manong'onong'o anayambira kuchitsime, anafika kwa amfumu, ndipo usiku wina miyala inayamba kugwa padenga. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi atanenedwa kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wa m'mudzimo. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma usiku umene anthu anasonkhana pakhomo pa azakhali, apolisi anali kutali kwambiri. Choncho ndikamanena kuti nyumba zanuzi zikupulumutsa miyoyo, ndikunena zimene ndinaona ndi maso angawa.

Koma chimene chandilembetsa kalata ino ndi khonde.

Ndikafika cha m'ma 9 koloko, ndimawapeza onse atandandalikidwa pamipando pakhondepo, atamwa kale phala. Amasambitsidwa bwino, zovala n'zochapa, amagona pamatiresi, m'neti. Nsima ya masana ikakwana amadya pomwepo, mbale n'kuchotsedwa, iwo n'kutsala akuyang'ana kugeti. Dzuwa likapendeka amadyanso, n'kulowetsedwa m'zipinda. Mawa lake chimodzimodzi. Ndimayang'ana manja a azakhali ataikidwa pamiyendo, lina pamwamba pa linzake. Manja amenewo ndiwo ankalima munda wonse wa kudambo, ankazira nyumba yathu chaka ndi chaka, ankafulula thobwa la maukwati onse a m'mudzi mwathu. Itangotha miyezi isanu ndi umodzi ali kumeneko, miyendo inayamba kutupa, kudzuka pampando kunafuna wowakoka, ndipo mayi amene ankacheza mpaka moto kuzima anatsala ndi mawu awiri okha: "Ndili bwino." Tsiku lina anandifunsa kanayi konse kuti, "Kodi dzuwali lilowa nthawi yanji?" Munthu wofunsa choncho ndiye kuti tsiku lamutalikira.

Loweruka lina ndinapita ndi mtedza wosasenda m'jumbo, umene anandipatsa mnzanga wa ku Mchinji. Ndinkafuna ndingowasiyira, koma poona kuti palibe chokambirana, ndinabwereka lichero kukhitchini n'kuyamba kusenda ndekha, nditakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Sipanapite nthawi, dzanja linatsika n'kutola mtedza umodzi. Anauika pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kuuphwanya kamodzi kokha, osayang'ana n'komwe. Kenako wina, kenako wina. Ndiye ndinamva mawu amene ndinali nditawasowa miyezi yambiri: "Iwe mwana wa alongo anga, ukusakaniza bwanji? Waukuluwo ika pambali, ndi wa mbewu. Wofwapawo ndiye wa nsinjiro." Amayi ena atatu anakoka mipando yawo okha, popanda wowathandiza. Anayamba kutsutsana kuti wokoma potendera ndi uti, chalimbana kapena CG7 wofiira uja. Mmodzi anayambitsa nyimbo ya pamtondo, enawo n'kumavomera. Ine ndinangoweramitsa mutu kuti asaone misozi.

Mtsikana wina wogwira ntchito pamalopo anabwera, n'kugwada pambali panga mwaulemu. "Amayi, pepani, agogo sitiwagwiritsa ntchito kuno. Alendo akabwera n'kuwaona, aziti tikuwazunza." Lichero linabwezedwa kukhitchini.

Mtsikanayo sindimuimba mlandu. Ananena zimene anauzidwa, ndipo mantha akewo ali ndi pochokera, chifukwa alipodi anthu amene amazunza okalamba ndi ntchito. Koma akuluakulu, kugwiritsa munthu ntchito ndi kumulola kuti agwire chimene mtima wake ukufuna ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kumudzi kwathu agogo sapuma pantchito ngati wa m'boma. Akalephera khasu amatonola chimanga. Akalephera musi amapeta. Akalephera kupeta amakhala pambali pa mphasa ndi kandodo, kuingitsa nkhuku kuti zisadye mphale, mdzukulu ali pamwendo. Amafutsa nkhwani ndi chitambe, amasankha nyemba, amauza mtengwa wa pakhomo kuti mchere wachuluka. Akagona madzulo amadziwa kuti mawa pali chimene chikuwadikira, ndipo pali amene adandaule akapanda kudzuka. Mukawachotsera zimenezo mwawachotsera chifukwa chodzukira m'mawa, ngakhale phala likhale la mkaka.

Sindikupempha zodula. Kadimba kakang'ono kuseri kwa khitchini, mizere yake yokwezeka kuti munthu azithirira mpiru ndi tomato osawerama kwambiri. Nkhuku zingapo zoti wina azizitsegulira m'mawa. Mlaza wolukira mikeka ndi madengu, bango la mphasa, kasemasema kwa abambo amene ankasema mipini ndi mithiko. Nyemba za mawa zizibwera pakhonde lero kuti azisankhe. Wofuna agwire, wosafuna asakakamizidwe, ndipo wotopa asiye pomwe watopera. Mkeka ukagulidwa, ndalamayo ipite m'manja mwa amene anauluka. Mwina mukuona ngati n'zazing'ono, koma tsiku lina nditapita ndi mwana wanga wamng'ono, azakhali anamasula mfundo ya pansonga pa chitenje chawo, mmene ankachitira kale pofuna kupatsa mdzukulu ya switi, n'kupeza mulibe kanthu. Anaimanganso mfundoyo pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo sanalankhulenso. Munthu wamkulu amafuna kukhala ndi choponya m'mbale ya chopereka, ndi chopatsa mwana amene wabwera kudzamuona.

Pakhonde lomwelo pamakhala abambo ena a msinkhu wautali, amene anakagwira ntchito kumigodi ya ku Joni. Akayamba kufotokoza za Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya kumigodiko, simungafune kuchoka. Amakumbukira za ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anzawo 74 amene ankabwerera kumudzi, ndi mmene ulendo wa kumigodi unaimitsidwira pambuyo pake. Amadziwa bawo kuposa aliyense amene ndinamuonapo. Pamalopo bawo lilipo, losemedwa bwino, linaperekedwa ndi anthu akufuna kwabwino, koma limakhala mu ofesi chifukwa nkhomo zake zinasowa. Iwo anatenga ndodo yawo n'kukumba maenje 32 pansi pa mtengo wa mango, mizere inayi, n'kutolera timiyala 64. Masiku awiri ankasewera ndi mlonda. Lachitatu wosesa anakwirira maenjewo poopa kuti wina angapunthwepo. Sanakumbenso. Nkhomo zimagulitsidwa pamsika uliwonse, ndipo ngakhale timiyala ta kumtsinje timakwanira. Bawo limafuna kuwerengera, kukumbukira, kutsutsana ndi kuseka, zomwe mutu wa munthu wachikulire ukuzisowa. Ndikawaona abambo amenewa ndimaganizanso za machona athu ku Zimbabwe, amene anathera mphamvu zawo m'mafamu ndi m'migodi, ndipo ambiri ukalamba unawapezera m'nyumba ngati zomwezi, kutali ndi aliyense wodziwa mfunda wawo. Awa ali kwawo konkuno. Asakhale ngati machona m'dziko lawo lomwe.

Za thanzi nazo zimayambira pa mpando womwewo. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amalangiza kuti munthu wachikulire aziyendetsa thupi mphindi zosachepera 150 pamlungu, ndiponso masiku atatu pamlungu azichita zolimbitsa miyendo kuti asamadzandire. Mphindi 150 si zambiri: n'kuyenda kukafika kudimba ndi kubwerako m'mawa uliwonse, kudzuka ndi kukhalanso pampando kangapo atagwira tebulo, kuvina pang'ono chimtali ng'oma ikalira. Miyendo yosayenda imafooka msanga, ndipo yofookayo ndi imene imagwetsa munthu. Wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno, ambiri sadzukanso pamphasa. Tikamawakhazika pansi tsiku lonse poopa kuti angagwe, ndiye kuti tikuwakonzera kugwa komweko.

Pali china chimene ndinachitulukira mochedwa. Mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha kwadzaoneni, ndinaona kuti azakhali akukana madzi kuyambira masana. Ndinawanyengerera mpaka anandiuza chapansipansi: "Ndikamwa ndidzuka usiku. Kuchimbudzi n'kutali, kuli mdima, ndipo ndikanjuta sinditha kuimirira." Amayi anzawo anavomera ndi mitu. Ndiye kuti anthu akuluakulu akudzimana madzi poopa manyazi onyowetsa zofunda. Zotsatira zake ndi kudzimbidwa, chizungulire, ndi kusokonezeka mutu komwe ena amangoti n'kukalamba. Mankhwala ake ndi chimbudzi chokhala ndi pokhalira, chitsulo kapena mtengo wogwirira pakhoma, nyale ya sola panjira, ndi chidebe chovindikira m'chipinda usiku. Mmisiri wa pamudzi angathe kukonza zonsezi mlungu umodzi.

Maso nawo musawataye. Angapo mwa amene amakhala chete pakhondepo si kuti alibe nkhani, koma ali ndi ng'ala, saona amene akuwalankhula. Ng'ala imachotsedwa. Ku chipatala cha Nkhoma akhala akuchita opaleshoni imeneyi zaka zambiri, ndipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli zipatala za maso. Munthu amene dzulo ankatsogoleredwa ndi ndodo amatha kuonanso nkhope ya mdzukulu wake. Chofunika ndi wina woti awalembe maina, awayezetse, apeze galimoto. Chimodzimodzi BP ndi shuga: kamakina koyezera BP kakhalepo pamalopo, alangizi a zaumoyo a m'deralo azifikako mwezi ndi mwezi, ndipo mankhwala asamadukize. Wophika naye adziwe kuti ndani alibe mano. Nsima yolimba ndi usipa wouma, kwa munthu wa nkhama zokhazokha, zimabwerera m'mbale, kenako timati agogo sakufuna kudya. Apatseni phala la mgaiwa lothira nsinjiro, futali, therere, nkhwani wotendera, chambiko, nthochi yakupsa, ndipo mchere uchepe. Mu Juni ndi Julaye atulutseni akaothe dzuwa la m'mawa, madzi osamba akhale ofunda.

Ndikupemphaninso za maina. Pamalopo aliyense ndi "agogo". Ndi ulemu, sindikana, koma anthu makumi awiri sangakhale ndi dzina limodzi. Ali ndi mifunda yawo, aNabanda, aNaphiri, aMbewe, aNkhoma. Ena ankaitanidwa ndi dzina la mwana wawo woyamba, ena anali anamkungwi, ena akulu ampingo, ena aphunzitsi ngati ine. Azakhali amaiwala kuti adya, koma mukawaitana ndi mfunda wawo amatembenuka nthawi yomweyo, nkhope n'kuwala. Pofika munthu watsopano, pakhale wina wokhala naye pansi, kapena ndi m'bale wake, n'kulemba m'kope: ankagwira ntchito yanji, amapemphera kuti, amakonda nyimbo yanji, sadya chiyani. Wa Mvano apatsidwe mpata wovala yunifolomu yake Lachinayi. Wa Katolika afikiridwe ndi a mphakati wake. Msilamu athandizidwe kupeza madzi ndi malo oswalira, ndipo Lachisanu lisamudutse ngati tsiku wamba.

Za maliro ndiye zimandipweteka kwambiri. Mng'ono wawo wa azakhali atamwalira kumudzi, tinalangizidwa kuti tisawauze, angadwale. Ifenso tinavomera, ndipo pamenepa kulakwa ndi kwathu. Anamva patapita miyezi itatu kuchokera kwa mlendo. Sanalire mokweza. Anangofunsa kuti, "Ndiye anamusambitsa ndani?" Kwathu kuno munthu wamkulu amene sanakhale nawo m'siwa mwa m'bale wake amaona ngati wachotsedwa m'banja. Ngati kumudzi kuli kotetezeka ndipo thupi likulola, aperekezeni akalire nawo. Ngati sizingatheke, auzeni mwaulemu, akhale ndi anzawo, abusa kapena ashehe abwere, aimbe nyimbo, alire maliro awo. Mnzawo wa pakhonde akamwalira, musangochotsa mpando wake mwakachetechete. Amaona, ndipo amadziwa kuti tsiku lawo likadzafika zidzachitikanso momwemo.

Pafupi ndi nyumba imene ndikunenayi pali sukulu ya mkombaphala. Mpanda wokha ndi umene ukuwalekanitsa. Ana amaimba mbali iyo, agogo amamvetsera mbali ino. Monga mphunzitsi ndikudziwa mmene ana athu akusowera wowauza nthano. Ambiri sadziwanso kuti wina akati "Padangokhala" iwo aziyankha kuti "Tilitonse", ndipo ndagi zikutha. Tsegulani kakhomo pampandapo, kamodzi pamlungu, alezi awo ali pomwepo. Izi zingathandizenso pa bala lija linawathamangitsa kumudzi. Mwana amene wakhala pamwendo pa agogo, n'kumva nthano ya kalulu ndi njovu, n'kudya nawo mtedza, akadzakula n'kumva anthu akuti mayi uja ndi mfiti, sadzathamangira kutola mwala. Mpanda wautali ndi geti lotseka zimangouza anthu odutsa kuti m'katimo muli anthu oopsa.

Alendo amabwera, makamaka pa 1 Okutobala, tsiku lokumbukira okalamba, pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndi nyengo ya Khirisimasi. Amabwera ndi shuga, sopo ndi mabulangete, ndipo Mulungu awadalitse, chifukwa popanda iwo mphika sungawire. Masiku amenewo ng'oma imatulutsidwa, agogo amavekedwa zitenje zatsopano, amavina, amajambulidwa, zithunzi n'kupita pa Facebook. Ndinawaona azakhali akuvina tsiku lotero, mapewa akugwedezeka ngati kale, ndipo ndinadziwa kuti mphamvu zikadalimo. Alendo atapita, ng'oma inabwerera m'sitolo mpaka chaka chinacho. Itulutseni Lachitatu lililonse, popanda mlendo, popanda kamera. Ndipo musanajambule munthu wamkulu akulandira sopo, mufunseni kaye ngati akufuna kuti dziko lonse limuone.

Kwa inu a boma, kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni, pafupifupi asanu mwa 100 aliwonse anali a zaka 60 kapena kuposerapo. Tili ndi ndondomeko ya dziko yokhudza okalamba ya 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza ndi kusamalira okalamba. A MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za okalamba m'dziko muno, ndi ena analimenyera nkhondo zaka zambiri. Pempho langa ndi lakuti mukamayendera nyumbazi, musalekere pa kuwerenga mabedi, mabulangete ndi matumba a chimanga. Fikani Lachiwiri wamba cha m'ma 3 koloko masana, osanena kuti mukubwera. Khalani pakhonde theka la ola. Funsani agogo mmodzi kuti, "Lero mwachitapo chiyani? Mwatuluka liti kunja kwa geti? Ndani anakufunsani chimene mukufuna?" Mayankho amenewo alembedwe mu lipoti lanu mofanana ndi za ukhondo wa kukhitchini.

Ogwira ntchito m'nyumbazi akufunika maphunziro, makamaka pa matenda oiwalaiwala aja amene madokotala amati dementia. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata a mtima wabwino, olandira kangachepe, ena ongodzipereka, ndipo anakulira m'midzi momwe munthu woyenda usiku amatchedwa dzina lina. Ndinamumvapo mmodzi akunena kuti amaopa kulowa yekha m'chipinda cha azakhali kukada. Atauzidwa ndi namwino kuti ndi matenda a ubongo, ngati mmene shuga alili matenda a m'thupi, mantha anatha, ndipo lero ndi iye amene amawapesa tsitsi. Maphunziro a masiku ochepa angasinthe zambiri, ndipo mafumu ndi atsogoleri a mipingo akanakhala nawo m'kalasi momwemo.

Komanso si wokalamba aliyense amene akufunika kugonera kumalo otere. Ambiri akadali m'makomo mwawo, akulera ana amasiye ndi ndalama ya Mtukula Pakhomo, ija inayambira ku Mchinji mu 2006, ena alibe ngakhale imeneyo. Nyumba zanuzi zikanatsegula zitseko masana, kuti okalamba a m'midzi yozungulira azibwera kudzasewera bawo, kuluka, kuyezetsa BP ndi kudya limodzi, madzulo n'kubwerera kwawo. Okhala m'katiwo akanamamva nkhani za kunja, za mvula, za mtengo wa feteleza, za amene wakwatiwa. Ndipo pa komiti yoyendetsa nyumba iliyonse pakhale awiri mwa okhalamo, mayi ndi bambo, osankhidwa ndi anzawo. Akulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero, ndiye tiwafunse ngakhale za nthawi imene akufuna kudya chakudya chamadzulo.

Ife abale tili ndi mbali yathu. M'buku la alendo la pageti, masamba ena amatha mwezi wathunthu popanda dzina la mwana kapena mdzukulu wa aliyense. Mutiitane, mutipatse zochita, mutiuze mosabisa tikatalikitsa.

Loweruka likubwerali ndipitanso. Ndagula malichero awiri, ndowa yaing'ono ya nyemba zosasankha, ndi nkhomo 64 zimene ndazimanga m'kansalu. Ndikafika pageti ndidzapempha kuonana ndi oyang'anira malowo, ndipo ndidzawapempha kuti bawo lija lituluke mu ofesi, ndi kuti malichero akhale pakhonde ngakhale ine nditapita.

Ine wanu,
Mphunzitsi, mwana wa mlongo wawo wa mmodzi mwa amayi amene mukuwasunga